Masikono a Mabulosi a Amake Lute

Sambani m'manja kaye, ana inu, ndipo mukasamba musapukutire pa malaya. Taonga, ika foniyo pawindo, siithawa. Dalitso, sendera uko, ukunditchingira mphepo ya mbaula. Iwe Mapalo ndakuona kalekale. Mabulosi ali m'licheromo ndi a m'masikono, si a m'kamwa mwako. Usakane, milomo yakuulula, yada bii.

Mwakhala mukundifunsa kuti ine, nkhalamba yaimuna, ndinaphunzira kuti kuphika masikono, pamene atate anu ngakhale tiyi amapsereza. Lero ndikuuzani, popeza magetsi apita ndipo mulibe kothawira. Koma nkhaniyi si ya ine kwenikweni. Ndi ya ambuya anu aakazi, amake Lute, amene anabereka amayi anu. Inu awiri akulu munawaona ali pampando pakhonde paja. Iwe Mapalo umangowadziwa pa chithunzi.

Ndinabwera mu Lusaka kuchokera ku Katete ndevu zitangoyamba kumera. Ndinakwera lole yonyamula mtedza, titakhala pamwamba pa matumba, masiku awiri m'njira. Pa mapiri a ku Luangwa loleyo inkatsokomola ngati munthu wa chifuwa, ife kutsika n'kumaika miyala kumatayala kuti isabwerere m'mbuyo. Inu lero mumakwera basi ya mipando yofewa m'mawa, madzulo muli kumudzi, n'kumadandaulabe kuti msana. Ndipo komboni yathu ino ya Mtendere imene ndinaipeza si iyi mukuionayi. Nyumba zinali za zidina, zotalikirana, udzu kufika m'chiuno. Apo pali msika waukulu panali amayi ochepa chabe oyala tomato pa masaka.

Ntchito yanga yoyamba inali yotchetcha kapinga ndi kuthirira maluwa kumayadi, ku Kabulonga. Ndinkapita wapansi, kubwera wapansi. M'nyumba imene ndinkagwirako ntchitoyo munali wophika, mkulu wina wochokera ku Malawi, aJafali. Munthu wamtali, wosaseka wamba, wovala kachipewa koyera. Ine ndinkawaopa kuposa eni nyumba. Tsiku lina nyamakazi inawagwira, zala zinatupa ngati chinangwa, ndipo adona anali ataitana anzawo ku tiyi. Ndikutchetcha panja ndinangomva, "Iwe Mwale, samba ubwere kuno."

Ndinasamba n'kulowa m'khichini. Iwo anagwira dzanja langa n'kuliika pa tsaya lawo.

"Ngozizira ngati mimba ya chule," anatero. "Manja abwino amenewa."

Ndinayesa akundinyoza. Kenako anandiuza kuti masikono amadana ndi manja otentha, chifukwa batala akasungunuka asanalowe mu uvuni, chimene chimatulukamo ndi mwala.

Taonani mmene ndikuchitiramu. Nsonga za zala zokha, kupekesa batala mu fulawa, kunyamula ndi kugwetsa, mpaka zonse zioneke ngati gaga. Shuga pang'ono, kamchere, ndi pawudala wofufumitsa. Mkaka umathira pang'onopang'ono, ndipo posakaniza usakande ngati ukuponda dothi la njerwa. AJafali ankandigogoda pa dzanja ndi chipande. "Gwira ngati wagwira mwanapiye," ankatero. Podula ndi tambula umangotsindika n'kunyamula, osapotoza ayi. Ukapotoza, sikono imakwera mopendekeka ngati chipewa cha woledzera. Dalitso, usaseke, udzaona yako.

Tsiku limenelo alendo anamaliza mbale yonse. AJafali sanandiyamikire, anangoti mawa ndisaiwale kuwenga zikhadabo. Atakalamba n'kubwerera kwawo, khichini inatsala m'manja mwanga. Eni nyumba ankasintha, awa apita, awa abwera, ine ndinkatsala pamodzi ndi uvuni ndi makabati. Ndinaphika masikono osawerengeka m'nyumba imeneyo. Kuno kwathu sindinaphikepo ngakhale imodzi.

Ambuya anu ndinakawatenga kumudzi. Dzina lawo linali Esinati, aNaMbewe. Anali munthu wamfupi, woyenda mofulumira ngati wina akuwathamangitsa, ndipo mawu awo ankamveka kuchokera pano mpaka pampopi. Mtengo wa mabulosi uwu anabzala ndiwo. Anathyola kanthambi pa mpanda wa munthu wina n'kukazika apo kuti pakhale malire, kanthambiko n'kugwira. Khichini yawo inali kachisakasa kamalata kaja kuseri. Mmenemo munali ufumu wawo. Ankadziwa pamene pali mthiko uliwonse ngakhale atatsinzina, ndipo munthu sankagwira poto wawo osapempha.

Tsiku lina, amayi anu ali khanda kumsana, ndinabwera kuchokera kuntchito malaya akununkhira batala. Pakhonde panali anzanga awiri amene anabwera kudzamvera mpira pa wailesi yanga. Ambuya anu polandira chikwama ananunkhiza malayawo n'kumwetulira.

"Atate ake Lute, kodi zimene mumaphika kumayadizo zimakoma bwanji? Tsiku lina mudzatiphikireko nafe."

Ana inu, manyazi a mnyamata ndi chinthu chopusa. Anzangawo anali omanga nyumba, anthu a manja okhakhala, ndipo ankandiseka kale kuti ndimavala epuloni ngati mayi. Ndinayankha mokweza kuti amve.

"Zimenezo si zakudya zathu. Ndiponso mwamuna saphika pakhomo pake."

Anzanga anaseka. Ambuya anu anangoti, "Chabwino," n'kulowa m'nyumba. Sanafunsenso. Ine mpira usanathe ndinali nditaiwala kale. Tinakhala bwino ndithu, musaganize kuti tinkakangana. Tinalera amayi anu, tinagwetsa nyumba ya zidina n'kumanga iyi ya mabuloko, chipinda chimodzi chaka chino, china chaka chamawa. Ine ndinkaphikira anthu ena usana wonse, madzulo n'kubwera kudzakhala pampando kudikira kuti andiphikire. Zaka zoposa makumi atatu zinatha choncho.

Matenda anabwera nditapuma kale ntchito. Unali mwezi wa Okutobala, kutentha koti ngakhale nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. M'mawa wina akusesa pabwalo, ndinamva tsache lagwa. Nditatuluka ndinawapeza atakhala pansi, akundiyang'ana, pakamwa patapotokera mbali imodzi. Ku chipatala anati ndi sitiroko. Anagonako masabata angapo. Pobwera, dzanja lamanja linali lakufa, mwendo ukukokedwa, ndipo mawu aja omveka mpaka pampopi anali atatsekeka. Akafuna kunena kanthu lilime linkalemera, iwo n'kukwiya, n'kungokhala chete.

Amayi anu anasiya nyumba yawo ku Chawama n'kubwera kudzatisamala, iwe Taonga uli wamng'ono, Dalitso ali kumsana. Ankaphika phala labwino, lothira nsinjiro, n'kubwera nalo ndi supuni. Ambuya anu ankatembenuzira nkhope kukhoma. Amayi a kumpingo anabwera ndi msuzi wa nkhuku, anaimba, anapemphera, anayesa kuwadyetsa. Milomo inali yotseka ngati chitseko cha sitolo Lamulungu. Madzi okha ndi amene ankamwa, nawonso pang'ono. Tsiku lachisanu namwino wa pakiliniki anabwera kudzawaona. Anatiitanira panja n'kunena mosabisa kuti mankhwala amene akumwa safuna m'mimba mopanda kanthu, ndipo akapitiriza chonchi adzabwerera ku chipatala kukadyera m'paipi ya m'mphuno, kapena sitikhala nawo nthawi yaitali.

Amayi anu anapita kuseri kwa nyumba kukalira. Ine ndinakhala pansi pa mtengo wa mabulosiwu. Unali utabereka kwambiri chaka chimenecho, zipatso zikungogwa, pansi ponse pali bii, popeza mwini wake wosesa anali chigonere. Musaganize kuti ndinali ndi nzeru ina iliyonse. Ndinangoyang'ana manja angawa n'kudzifunsa kuti kodi amadziwa chiyani. Sadziwa kubaya jakisoni, sadziwa kuchiritsa. Amadziwa chinthu chimodzi. Ndipo ndi pomwepo, pansi pa mtengo, pamene mawu aja anandibwerera, akuti tsiku lina mudzatiphikireko nafe. Ndinamva ngati wina wandithira madzi ozizira kumsana.

Ndinapita pa kantemba ka pangodya kukagula fulawa, majarini, pawudala ndi mkaka. Uvuni tinalibe. Chitofu chamagetsi chimene mukuchiona m'nyumbamo chinabwera pambuyo pake, ndipo onani lero chikungokhala ngati kabati. Ndinali nditaonapo amayi a m'komboni akuphika zitumbuwa ndi makeke mu poto wamkulu, mchenga pansi, makala pamwamba, koma ine wozolowera uvuni wa kumayadi sindinayesepo. Ndinalowa m'khichini mwa ambuya anu koyamba chimangireni. Ndinaima pakati ngati mlendo wa pa siteshoni. Sefa ili kuti, beseni lili kuti, sindikudziwa. Ndinagwetsa zivundikiro, phokoso lake mpaka kumsewu.

Phokosolo ndi limene linadzutsa baMulenga. Mukuwadziwa, aneba athu a kuseri kwa mpandawu, osula mbaula ndi zidebe. Iwo ndi Mubemba ngati atate anu, ndipo mukudziwa kuti ife akum'mawa ndi Abemba ndife achimbuya, timanyozana mpaka pamaliro, iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani, palibe wokwiya. Anasuzumira pa mpanda n'kundipeza nditagwada, fulawa mpaka m'zikope.

"Imwe baMwale, ni chani ichi? Mwankala bamayo manje? Nibwelese chitenge?"

"Pitani mukasake anyani anu," ndinatero osatukula mutu.

Masikono oyambawo, ana inu, ndikanakhala kwa aJafali akanandithamangitsa. Mabulosi ndinawathira ali onyowa, mtanda wonse unasanduka matope ofiirira. Moto pansi unachuluka. Chivundikiro cha poto chinali chotumphuka pakati, makala ankangotsetsereka n'kugwa. Nditavundukula, pansi panali makala, pamwamba phala. Ndinaponyera nkhuku. Zinazungulira, zinayang'ana ndi diso limodzi, n'kuchokapo.

BaMulenga anaseka mpaka kugwira mpanda. Kenako kuseka kunatha. Anafunsa motsitsa mawu, "Bamake Lute bakali sibakudya?"

Ndinapukusa mutu. Anachoka pa mpanda paja. Ndinamva nyundo ikulira kwawoko, ndipo dzuwa lisanapendeke anabwera atanyamula lata yafulati, yodulidwa mozungulira molingana ndi poto, m'mphepete atapinda kuti makala asagwe. Ndi iyi yomweyi tikugwiritsa ntchito leroyi.

"Malasha yambili pamwamba, yang'ono pansi," anatero. "Imwe ba kum'mawa muziba chabe kuwocha mbeba."

Chimene sindinadziwe n'chakuti ambuya anu anaona zonsezi. Bedi lawo linali pafupi ndi windo loyang'ana kukhichini. Amayi anu anandiuza madzulo kuti tsiku lonse nkhope sinali kukhoma, inali kuwindo, ndipo pamene ndinagwetsa zivundikiro anatulutsa kamawu kaukali.

M'mawa mwake tinawanyamula, ine ndi amayi anu, n'kuwakhazika pampando pakhonde. Ndinathyola mabulosi, ndinawatsuka, n'kuika lichero pamiyendo pawo.

"Amake Lute," ndinatero, "maso anga sakuona timapesi iti. Ndithandizeni kuchotsa."

Sikunali kunama kwenikweni, maso anali atayamba kale kuchita nkhungu. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinatembenuka n'kuyamba kuyatsa mbaula. Nditacheuka pang'ono ndinaona dzanja lamanzere likuyenda m'lichero, likutola bulosi limodzi, likulikanikiza pa bondo, chala chachikulu chikulimbana ndi kaphesi. Ntchito imene iwe Mapalo ungaimalize usanamalize nyimbo imodzi inawatengera ola lathunthu. Palibe anawathandiza. Amayi anu atafuna kusendera ndinawaletsa ndi maso.

Mbaula inkandikanika. Ndinali nditawerama pamwamba pake, ndikuuzira, utsi uli m'maso. Ndiye ndinamva kumbuyo kwanga.

"Pa-nsi."

Ndinacheuka. "Mwati bwanji?"

"Ku-pi-zani pansi." Lilime linali lolemera koma ukali unali womwe uja. "Mu-ku-tha makala."

Anali mawu oyamba omveka chibwerereni ku chipatala. Ndinati, "Pepani amayi," ndinatenga chivundikiro n'kukupiza pansi monga anandiuzira, nkhope nditabisa mu utsi kuti asaone zimene zinkachitika m'maso mwanga.

Tsiku limenelo ndinaphunzira zimene aJafali sanandiphunzitse, popeza kumayadi tinkathira mphesa zouma za m'paketi. Chipatso chachiwisi chili ndi madzi ake. Umachiyanika pa nsalu kaye kuti chiume kunja, umachigubuduza mu fulawa pang'ono, ndipo umachithira pomalizira, n'kupinda mtanda kawiri kapena katatu basi. Taonga, gwira beseni. Waona? Mabulosi akhale athunthu, akaphulikire m'moto, osati m'manja mwako.

Nditanyamula lata ija, masikono anali atakwera, pamwamba pofiira bwino, m'mbali mukutuluka timadzi takuda ta mabulosi. Fungo linadzaza bwalo lonse. Ndinatenga imodzi, ndinaibenthula pakati kuti izizire, ndinaiika pa mbale kumbali ya dzanja lamanzere, pamodzi ndi kapu ya tiyi. Supuni sindinabweretse. Ndinauza amayi anu kuti akaanule zovala, ine n'kupita kukakolopa khichini imene sinafunike kukolopa.

Ndinakolopa, ndinakolopa, khutu lili pakhonde. Kenako ndinamva kapu ikugunda mbale.

Nditabwerera, theka la sikono linali litapita. Nyenyeswa zinali pa chitenje, pa chibwano pali kadontho kakuda. Ndinakhala pansi pafupi ndi mpando wawo.

"Atate ake Lute."

"Ee."

"Mwa-chedwa."

Sindinafunse kuti ndachedwa chiyani. Tonse tinkadziwa. Zaka zonse zija mawu anga aja anali nawo, anangowasunga monga ankasungira mbewu m'chitini.

"Ndachedwa ndithu," ndinatero. "Mundikhululukire, aNaMbewe."

Anatola theka linalo, analiyang'ana uku ndi uku, analuma, anatafuna pang'onopang'ono ndi mbali yamoyo ya pakamwa. Ine ndikudikira mawu aakulu achikhululuko.

"Shuga wachepa," anatero.

Amayi anu, amene anali atabisala kuseri kwa zovala pa chingwe, anaphulika kuseka, kusekako n'kusanduka kulira. BaMulenga anafuula kuseri kwa mpanda kuti nawonso akufuna kulawa aone ngati shuga wachepadi.

Mawa lake anadya phala, okha, ndi dzanja lamanzere, theka likutayikira pa nsalu. Ndi pamene tinazindikira kuti sichinali chakudya chimene ankakana. Ankakana kudyetsedwa ngati khanda, ndi kugona m'chipinda akumva anthu ena akugwira mapoto awo. Munthu amene wadyetsa anthu moyo wake wonse, supuni ya m'dzanja la wina imamuwawa kuposa njala. Ife ndi chikondi chathu chonse tinali titawalanda chilichonse. Kuyambira pamenepo mpando wawo unkakhala pakhomo pa khichini, iwo n'kumalamula, ine n'kumagwira.

Mulungu anatipatsa zaka zina zisanu ndi ziwiri. Mawu anabwerera, osati onse, koma okwanira kundikalipira. Ankapana beseni ndi mawondo n'kumasefa fulawa ndi dzanja limodzi. Ndipo tinayesa chipatso chilichonse chimene chinabwera ndi nyengo yake. Mabulosi akatha tinkadikira mango. Mango abwino ndi amene angoyamba kupsa, olimba, odula tizidutswa ting'onoting'ono, osati aja aulusi amene mumayamwa mpaka madzi kutsikira m'zigongono. Masuku tinayesa kamodzi, mvula itangoyamba. Tinakhala m'mawa wonse tikufinya ndi kuchotsa nthanga, masikono ake n'kutuluka ngati mphira. Ambuya anu anati masuku Mulungu anawamaliza yekha, safuna wothandiza. Magwafa nawo anatiphunzitsa. Ulendo woyamba sitinachotse njere, ndipo baMulenga mpaka lero amati dzino lawo lakumbuyo linathera pa mbale yanga. Ine ndimawauza kuti linathera pa fupa la nyani.

Amayi a kumpingo, omwe aja anabwera ndi msuzi, anayamba kubwera Lachinayi kudzaphunzira. Ambuya anu ankawaonetsa ngati luso ndi lawo, ine ndili chabe manja obwereka. "Musapotoze tambula," ankatero mwaukali, ngati anabadwa akudziwa. Amuna ena podutsa pamsewu ankandiseka ndithu, nkhalamba itagwada pa mbaula. Koma manyazi aja anali atandithera. Ndinkangowaitana kuti alawe, ndipo munthu sanyoza bwino pakamwa pali podzaza. Iwe Taonga ukukumbukira? Unkakhala pamiyendo pawo n'kumaba mtanda wosaphika, iwo n'kumanamizira kuti sakuona. Ndikanakhala ine akanandikalipira mpaka mawa.

Chaka chomaliza mtima wawo unafooka. Miyendo inatupa, mpweya unkavuta. Inali nyengo yozizira, mwezi wa Juni, mphepo ya fumbi ikulowa pansi pa chitseko. Amayi anu anabweranso kudzakhala nafe, iwe Mapalo uli m'mimba. Ine ndinakoka mpando n'kuuika pafupi ndi bedi, ndipo sindinachokepo masabata atatu. Sindinayatse mbaula, sindinapite kutchalitchi, ndevu sindinamete. Ndinkaopa kuti ndikangotuluka ndidzapeza atapita.

M'mawa wina anatsegula maso n'kunena momveka bwino, "Ndikufuna masikono a mabulosi."

Mu Juni, ana inu. Mtengo uli mbee, ngakhale masamba ukuchita kuwerenga. Koma munthu amene sanapemphe kanthu masabata atatu akapempha, suyankha kuti kulibe. Ndinavala jekete n'kutuluka.

Ndinayamba pamsika wathu uno. Kulibe. Ndinayenda mpaka ku Kalingalinga. Kulibe. Ndinadutsa kumayadi kumene ndinkagwira ntchito, ndikusuzumira pa mipanda ngati wakuba, poganiza kuti mwina mtengo wothiriridwa ungabereke nthawi yosakhala yake. Mlonda wina anandifunsa chimene ndikufuna, nditamuuza anandiyang'ana mwachisoni. Ndinakwera minibasi mpaka m'tauni, ku msika waukulu. Amayi ogulitsa zipatso anaitanizana kudzandiona.

"Ambuya, mabulosi mu Juni? Bwelani mu Okutoba, tizamipasani mahala, osalipila."

Mmodzi anandipatsa mpando ndi madzi akumwa. Ndinagula nthochi zakupsa bwino n'kubwerera, dzuwa litapendeka, miyendo ikuwawa, koma mutu utapepuka mwanjira imene sindinaimvetse. Ndinali nditaona anthu, ndinali nditakangana ndi kondakitala, ndinali nditamva njala koyamba m'masabata atatu.

Ndinayatsa mbaula n'kuphika a nthochi. Ndinathira shuga wokwanira. Ndinalowa nawo m'chipinda ndili wolemedwa.

"Amake Lute, ndayenda Lusaka yense. Mabulosi kulibe. Awa ndi a nthochi."

Anamwetulira ndi mbali imodzi ija.

"Ndikudziwa mwezi uno," anatero. "Mtengowo ndinabzala ndine."

"Nanga munanditumiranji?"

"Mwakhala pampandopo mpaka mwayamba kufanana nawo." Anapuma kaye, mpweya ukuvuta. "Ndiponso ndinali ndi mawu ndi mwana wanga. Inu simuchoka."

Anabenthula kangodya kakang'ono, anakaika pa lilime, n'kutsinzina. Sanathe kudya zambiri. Anandiuza kuti ndidye yotsalayo iwo akuona, ndipo ndinadya yonse, ndi ina pamwamba. Anatisiya patapita masiku anayi, m'mawa, dzuwa litalowa kale pawindo, amayi anu atagwira dzanja limodzi, ine linalo.

Maliro atatha, abale anakhala pansi monga mwa mwambo kukambirana za ine. Onse anagwirizana kuti nkhalamba singakhale yokha, ndisamukire kwanu ku Chawama, kumene kuli chipinda, ndikapume, ndizingodya zophikidwa. Ine ndinalibe mphamvu yotsutsa. Ndinali nditayamba kale kuganiza zoti mbaula ndi poto ndipatse baMulenga.

Amene anakana ndi amayi anu. Anaimirira pakati pa akuluakulu, mimba ili patsogolo, n'kunena kuti atate sapita kulikonse. Anthu anadabwa, ena anayesa mwana akukana kusamala kholo lake. Madzulo, anthu atabalalika, anabwera kudzakhala nane pakhonde pano.

"Atate, tsiku lija munapita kukafuna mabulosi, amayi anandiuza zinthu zambiri. Za zitenje zawo, za nyimbo ya pamaliro, za mwana ali m'mimbayu. Koma chimene anabwereza katatu ndi ichi. Anati, atate ako usadzawachite zimene munandichita ine ndi phala lija. Usadzawalande khichini. Uziwayendera, uziwatumizira ana, koma asiye aziphika okha. Ndipo tsiku limene udzamve kuti sanayatse mbaula, usadikire kuti akuuze kuti akudwala, sadzanena. Ukwere minibasi ubwere."

Munthu akupuma movutika chotero, anali kukonza za mbaula yanga.

Ndiye mwadziwa tsopano chifukwa chake amayi anu akandiimbira foni safunsa kuti atate mwadzuka bwanji, monga amafunsira ana a anthu ena. Amangoti, "Atate, mwaphika?" Ndipo ine ndimayankha kuti ndaphika.